Batala Pansi pa Vanishi

Ato Shiferaw Belachew anatsika ndege Lachitatu masana atakhala miyezi itatu ku Arusha, ndipo pofika Lachinayi m'mawa panalibe munthu ku Piyasa, dera lawo mu Addis Ababa, yemwe sanamve kuti abwera. Anaonetsetsa okha. Anayamba ndi wometa, kenako wokonza mawotchi, kenako mayi wogulitsa buledi pakona, ndipo aliyense anamva nkhani imodzimodzi: kuti alenje a ku Tanzania anawasungira mfuti makumi atatu ndi imodzi, zina zitadikira zaka ziwiri chifukwa eni ake analumbira kuti palibe wina azikhudze, komanso kuti Mjeremani wina wandevu anagwetsa misozi ataona mfuti ya agogo ake itabwerera mwakale.

Ndipo sankanama kwenikweni. Munthuyu anafika mu Addis Ababa alibe nsapato, anaphunzira kugwira tupa kwa Mwarmeniya wina wolusa, kenako manja ake anamutengera ku Nairobi, kenako kwa azungu ku Brescia ndi ku Liège, mpaka pasipoti inatha masamba katatu. Ntchito yawo sinali ya chitsulo. Inali ya mtengo wa mfuti, uja umatsamira paphewa ndi patsaya, makamaka mphini zake, timizere topingasana timene amatema pogwira kuti dzanja lisaterereke. Mfuti yakale ikabwera mphini zitafufutika, Ato Shiferaw ankazidzutsa mzere umodzi umodzi, kutsata momwe anadutsa mmisiri woyamba uja, ngakhale atamwalira zaka zana zapitazo. Ankakonda kunena kuti kuyambira ku Cairo mpaka ku Cape, anthu odziwa zimenezi alipo atatu, ndipo awiri enawo amafunsa kwa iwo.

Koma chomwe chinkawayabwa pakamwa sabata imeneyo sichinali cha ku Arusha. Lamlungu linali tsiku la Giyorgis Woyera, ndipo phwando la bungwe lawo, amuna khumi ndi awiri omwe akhala akumwera limodzi mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi atatu, linali kunyumba kwawo. Pamaso pa anzawowo ndi pa wansembe, Ato Shiferaw anali atalonjeza kupereka makiyi a shopu kwa mwana wawo Yilma. Nkhosa inali itagulidwa kale, ikulira kuseri. Yilma anali wa zaka makumi atatu ndi zinayi, anaphunzirako zaka ziwiri ku Brescia, ndipo miyezi itatu yonseyi ndiye amayendetsa shopu yekha.

Atatsegula chitseko, fungo ndilo linayamba kuwalonjera. Shopu yawo inkanunkhira mafuta a fulakesi ndi mipalo ya mtengo. Lero inkanunkha ngati kumene amakhoma mabokosi a maliro.

"Chafa muno n'chiyani?"

Yilma anaseka, n'kuwapsompsona pamapewa onse awiri. Anati ndi vanishi chabe, ndipo bambo ake asafulumire kukwinya nkhope, aona okha zomwe zachitika iwo kulibe. Asanamalize, pakhomo panaima mayi wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Anali Weizero Tiruwork, mwana wa malemu Ato Asfaw, mlenje wa ku Ankober. Bambo awo anali atamwalira mwezi wathawo. Loweruka la sabata yamawa kunali mwambo wa masiku makumi anayi, ndipo mlongo wawo amayenera kudzawomba mfuti ya malemuwo katatu pafupi ndi manda, monga amachitira kwawoko mlenje akapita. Mayiwo anaibweretsa kuti ikonzedwe, ndipo lero anabwera kudzaitenga. Anati achita mwayi kupeza Gashe Shiferaw, monga ankawatchulira mwaulemu, atabwera, chifukwa aliyense amadziwa kuti mfuti situluka m'shopu muno iwo asanaigwire ndi kulemba dzina lawo pakalata.

Ato Shiferaw ankaidziwa mfuti imeneyo. Anaiona kamodzi ku Ankober zaka makumi awiri zapitazo, ndipo sanaiiwale. Inali ya ku Jeremani, ya zaka makumi asanu ndi anayi, mtengo wake wakuda ndi ukalamba koma wa mawanga ngati uchi wosakanizika ndi utsi. Mphini zake zinali zazing'ono kwambiri moti chala chinkaziona ngati nsalu. Tsiku limenelo anamupempha mkuluyo kuti awabwereke mwezi umodzi wokha, koma Ato Asfaw anati bola abwereke mkazi wawo. Tsopano mfutiyo inali m'shopu mwawo, ndipo mtima wawo unadumpha ngati wa mnyamata.

Yilma anaitulutsa itakulungidwa m'bulangeti, n'kuivundukula patebulo pang'onopang'ono ngati wamatsenga.

Inkawala. Inkawala ngati siwiti yomwe mwana waiyamwa n'kuilavula. Mtengo wonse unali wofiira, wonyezimira, ndipo munthu akanatha kupesa ndevu akudziyang'anira pamenepo.

Weizero Tiruwork anagwira pachifuwa. Anati yakhala ngati yatsopano, ngati yochokera m'sitolo lero lomwe, ndipo abale onse a ku Ankober akadabwa. Anamudalitsa Yilma, namudalitsanso bambo amene anabereka manja oterewa.

Ato Shiferaw anachita zomwe amachita ndi mfuti iliyonse: anatsinzina, n'kuyendetsa chala chachikulu pomwe chitsulo chimakumana ndi mtengo. Pa mfuti yabwino mtengo umakhala pamwamba pang'ono, ngati mlomo wophimba mano. Apa chala chinakodwa. Chitsulo chinali chitatumphuka mbali zonse ngati nthiti za ng'ombe ya m'chilimwe. Mtengo unapalidwa ndi sandipepa, ndipo sanapale ndi dzanja ayi. Anapala ndi makina.

Anatsegula maso, natulutsa galasi lokulitsa m'thumba la malaya. Akanadziwa akanalisiya momwemo. Mmisiri wa ku Jeremani amene anaipanga anatema mizere makumi awiri ndi inayi pa inchi. Yilma anadutsapo ndi chitsulo cha mizere khumi ndi isanu ndi itatu, ndipo poti mizere yakale sinafufutike yonse, yatsopano ndi yakale inkakumana, kusiyana, kukumananso, ngati mapazi a nkhuku pamatope. Timano tina tinali tosongoka, tina tophwatalala, tina totheka pakati. Kumalire, komwe dzanja liyenera kuima ngati lagunda khoma, chitsulo chinapitirira malo asanu ndi awiri, ndipo pobisa zimenezi Yilma anakumba mzere waukulu kuzungulira ponse, ngati ngalande ya pamsewu. Kenako vanishi anadzaza m'mizeremo mpaka mphini zinkaterera kuposa malo osatema.

Anaonapo ntchito zoipa m'maiko asanu ndi anayi. Anaonapo mtengo wa mfuti womangidwa ndi waya wa njinga ku Moyale, koma amene uja anali mbusa wa ngamila, ndipo sananene kuti wakonza.

Anatembenuza mfutiyo kuti aone potsamira tsaya. Zaka makumi awiri zapitazo pamenepo panali kachigwa kosalala komwe tsaya la Ato Asfaw linadya pang'onopang'ono moyo wake wonse. Tsopano panali pathyathyathya ngati thabwa la sukulu.

Pomaliza anaika mphuno pakhosi pa mtengo, paja pamagwira dzanja lamanja kuseri kwa chitsulo. Pansi pa fungo la vanishi panali fungo lina, lakale, lovunda, lomwe munthu aliyense wobadwira kumapiri amalidziwa kuyambira pamutu pa amayi ake.

Yilma anali atawaikira kale kalata ndi cholembera patebulo. Mayiwo ankamwetulira. Ato Shiferaw anayang'ana cholemberacho nthawi yaitali kuposa momwe angavomerere lero. Mwini mfuti wakondwa. Ku Ankober palibe amene ali ndi galasi lokulitsa. Dzina limodzi papepala, Lamlungu makiyi, ndipo Piyasa yonse idzapitiriza kunena kuti Shiferaw anabereka Shiferaw wina.

Ato Shiferaw anati mlendo wamaliro sachoka osamwa khofi.

Nyumba yawo inali kuseri kwa shopu. Mkazi wawo, Weizero Askale, anayala udzu wauwisi pabwalo, nayatsa makala ndi lubani, n'kuyamba kukazinga. Ato Shiferaw anatenga mfuti ija, anachotsa chotsekera chipolopolo, ndipo anaigoneka pamalata a kashedi ka makala, pomwe dzuwa la masana linkamenya mosanyengerera. Yilma anafunsa chomwe akuchita. Iwo anati akuiwothetsa dzuwa.

Pa kapu yoyamba Weizero Askale anafunsa za maliro. Pa kapu yachiwiri Ato Shiferaw anafunsa, ngati akungocheza, kuti kodi mfutiyo inkasamalidwa bwanji kumudzi. Weizero Tiruwork anaseka koyamba chifikireni. Anati amayi awo ankaichitira ngati mkwatibwi. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Mesikeli ankatenga batala wabwino kwambiri, uja amasungira kudzoza kumutu, n'kupaka mtengo wonse ndi chikhatho, akuinong'oneza kuti ibweze mwamuna wawo wamoyo. Agogo awo ankateronso. Ikatha kudzozedwa inkaimikidwa pakona kumutu kwa bedi, ndipo palibe mwana ankaloledwa kuikhudza.

Yilma anapukusa mutu, nati anthu a kumudzi sangathe, akanakhala ndi mpata akanaidyetsanso injera, mkate wawo wa tsiku ndi tsiku.

"Zaka makumi asanu ndi awiri za batala," anatero Ato Shiferaw, maso ali m'kapu. "Unamuchotsa?"

"Ndinatsuka ndi petulo, Ababa. Kawiri."

"Kawiri."

"Panauma gwa. Mwaona nokha."

Mmisiri aliyense wa kuno amadziwa kuti mfuti ya kumapiri imabwera itakhuta batala mpaka m'mafupa. Azungu sadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ku Brescia saphunzitsa. Mankhwala ake ndi choko ndi dzuwa. Umapera choko, kusakaniza ndi sipiriti, kumata mtengo wonse, n'kuuika padzuwa. Madzulo choko chimakhala chachikasu. Umachipukuta, mawa n'kumatanso, sabata zinayi kapena zisanu ndi imodzi, kufikira tsiku lomwe choko chidzatuluke choyera monga chinalowera. Yilma anaona zimenezi kuyambira akukwawa.

Kapu yachitatu, ya madalitso, itatha, Ato Shiferaw anaimirira n'kupempha onse awatsatire.

Ntchentche zinali zitafika kale. Vanishi uja anali atatupa matuza, ena ngati mapira, ena ngati nyemba, ndipo pakhosi pa mtengo matuza atatu anali ataphulika. M'menemo munkatuluka mafuta achikasu, okhuthala, akuyenda pang'onopang'ono m'mizere ya mphini ngati mafinya a chilonda chakale, n'kudontha pamalata. Fungo linali la chikopa chonyowa chomwe chaiwalika m'thumba. Weizero Askale anatseka mphuno ndi nsalu yawo n'kubwerera kumakala.

Ato Shiferaw anaika chikhadabo pakhosi paja n'kukanikiza. Chinalowa ngati m'mbatata yophika.

Anawafotokozera mayiwo mosazungulira. Batala amafewetsa mtengo, ndipo pomwe wafewa kwambiri ndi pomwe mfuti imamenya ikalira. Kale mtengowo unali wonenepa, unkapirira. Tsopano wapalidwa, watsala wowonda, ndipo vanishi watsekera chinyontho chonse mkati. Mlongo wawo akawomba, mwina koyamba ipirira. Kachiwiri kapena kachitatu khosi lithyoka, ndipo chitsulo chonse chibwerera kumaso kwake, pamanda pa bambo ake, abale onse akuona.

Weizero Tiruwork anaiyang'ana mfutiyo ngati akuiona koyamba. Anatambasula dzanja, osasamala mafutawo, n'kusisita potsamira tsaya. Anasisitanso. Nkhope yawo inasintha.

"Apa panali polowa. Ndili mwana ndinkaikapo tsaya langa iwo akapita kutchalitchi. Mungabwezeretse, Gashe?"

"Batala ndichotsa, mwana wanga. Khosi ndililimbitsa ndi chitsulo mkati, osaoneka. Mphini ndiyesa. Koma mtengo womwe wapalidwa uli m'fumbi, ndipo fumbilo anasesa."

Anafunsa ngati ingathe pofika Loweruka la mwambo. Iwo anati ayi, ngakhale Giyorgis mwini atatsika pahatchi kudzathandiza. Mayiwo anapukuta zala pa nsalu yawo yakuda, chimodzi chimodzi. Anati ndiye kuti bambo awo aperekezedwa ndi mfuti yobwereka.

"Ndinadutsa mashopu atatu pobwera kuno, Gashe. Ndinatsata dzina lanu."

Anatuluka osatsanzika, kudutsa m'shopu, ndipo sanamuyang'ane Yilma.

Zomwe zinatsatira anazimva mpaka wokonza mawotchi. Ato Shiferaw anafunsa mwana wawo ngati ku Brescia anapita kukaphunzira kapena kukadya makaroni. Anati mbuzi itapatsidwa tupa ikanatema mizere yowongoka kuposa imeneyi, chifukwa mbuzi ikatopa imasiya. Anati iwo atalakwitsa mzere umodzi wokha kwa Mwarmeniya uja anasesa pansi mwezi wathunthu, ndipo anathokoza.

Yilma sanaweramitse mutu. Anati nkhani ya Mwarmeniya waimva kokwana chikwi. Anati bambo ake amakhala ndi mfuti imodzi sabata zisanu ndi imodzi, akuipaka dontho limodzi la mafuta patsiku ngati akulera khanda, ndipo mwini wake akabwera amafunsa kuti kodi mwaikonza pati, poti ikuoneka yakale ngati kale. Anthu amafuna kuwala. Alenje enieni atsala angati? Amene amabwera masiku ano ndi ana a alenje, ofuna chinthu chopachika pabalaza pamwamba pa wailesi ya kanema. Mayi aja anadalitsa ndi pakamwa pawo, onse anamva, mpaka pomwe Ababa anaganiza zoiphika padenga. Ku Brescia komweko makina amatema mphini m'mphindi khumi ndipo palibe amalira.

"Miyezi itatu imeneyi ndatulutsa mfuti khumi ndi imodzi, Ababa. Inu mumatulutsa ziwiri. Palibe ngakhale mmodzi wabwera kudzadandaula."

Ato Shiferaw anakhala pansi pa thumba la makala.

"Khumi ndi imodzi."

"Ee."

"Za kumapiri ndi zingati?"

Yilma anaganiza pang'ono, nati mwina zisanu ndi ziwiri.

"Ndipo pakalata unalemba dzina la ndani?"

"La shopu."

Dzina la shopu linali lawo. Anaona m'maganizo mfuti khumi ndi imodzi zikunyezimira m'nyumba za anthu kuyambira ku Debre Berhan mpaka ku Goba, zikudikira ukwati, ubatizo wa mwana wamwamuna, kapena maliro, pomwe wina adzaitsitse pakhoma ataledzera pang'ono ndi chimwemwe.

Anamuuza Yilma zinthu ziwiri. Choyamba, mawa apite kwa Weizero Tiruwork, atole mwala pachipata, ausenze pakhosi, agwade mpaka mayiwo auchotse okha, monga amapepesera munthu amene walakwira mnzake kwambiri. Chachiwiri, mfuti zonse khumi ndi imodzi akazitenge, ndipo ayambire pa choko.

"Mwala? Sindinaphe munthu ine."

"Loweruka la mwambo lija ukanapha."

Yilma anavula epuloni, naiponya patebulo, n'kutuluka.

Weizero Askale anawasiya apume usiku umodzi, kenako Lachisanu anayamba. Anati mwana ndi mwana, aphunzira ali pampando. Anati nkhosa yagulidwa, mowa wa uchi wapsa, wansembe Aba Tekle adziwitsidwa, ndipo palibe galu ku Piyasa amene sanamve za makiyi amenewa.

"Ndani anakutumani kukalalikira kwa wometa? Mukanatseka pakamwa panu ngati amuna ena, bwenzi lero tikungosintha tsiku mwakachetechete. Mwazungulira dziko lonse kuwongola mitengo ya azungu, wanu wa m'nyumba mwamuona liti akugwira ntchito? Mumangomutama ngati hatchi ya pampikisano."

Ato Shiferaw anati mkazi amene sadziwa kusiyanitsa mizere khumi ndi isanu ndi itatu ndi makumi awiri ndi inayi asalowerere. Weizero Askale anati iwo amadziwa kusiyanitsa mwana mmodzi ndi kupanda mwana, ndipo zimenezo n'zokwanira. Mawu amenewo anawanyansa amunawo kuposa batala.

Loweruka m'mawa anavala suti yawo ya ku Liège, nakwera minibasi ya ku Shiro Meda komwe kunkakhala Weizero Tiruwork. Pachipata anasankha mwala, osati waung'ono wongochitira mwambo, koma woti khosi lidziwe. Munthu amene anadyapo patebulo limodzi ndi akazembe awiri anagwada pafumbi la pabwalo, anansi akusuzumira pampanda. Mayiwo anatuluka akuthamanga, akunena kuti Gashe musatero, mukundichititsa manyazi, si inu munapala. Iwo anati dzina linali lawo. Weizero Tiruwork anauchotsa mwalawo ndi manja awiri, nawadzutsa, koma khofi sanawaitanire.

Lamlungu anzawo anafika atavala zoyera. Aba Tekle anadalitsa buledi wamkulu, nkhosa inadyedwa, mowa wa uchi unazungulira. Yilma anabwera, chifukwa amayi ake anakamutenga, ndipo anakhala kumapeto atavala malaya atsopano. Ankaoneka ngati munthu amene akudziwa kuti bambo ake sangabweze mawu pamaso pa amuna khumi ndi mmodzi ndi wansembe. Pa zaka makumi atatu palibe anawaonapo akutero.

Ato Gashaw, mnzawo wakale yemwe kale ankayendetsa sitima ya ku Djibouti, anagogoda botolo ndi mphete. Anati Shiferaw wawagonthetsa makutu chaka chathunthu ndi makiyi amenewa, tsopano awatulutse anthu aone ngati ali agolide.

Ato Shiferaw anaimirira. Makiyi anali m'thumba, ankawamva pantchafu. Anthu anazolowera kuti akaimirira chonchi ndiye kuti tipita ku Nairobi, tidutse ku Brescia, tibwerere injera itazizira. Lero sanapite kulikonse.

"Abale anga, ndinakunamizani. Ndinati ndili ndi mmisiri m'nyumba. Sindinayang'ane ntchito yake, ndinangoyang'ana nkhope yake, poti imafanana ndi yanga. Makiyi sakutuluka. Akafuna, tebulo lake lilipo, ayambirenso poyamba. Akatha kudzutsa mphini za mfuti ya Ato Asfaw mzere ndi mzere, ndidzakuitanani, ndipo nkhosa idzakhala ina."

Aba Tekle anayang'ana mtanda wawo wa m'manja. Wina anakhosomola. Ato Gashaw, pofuna kupeputsa zinthu, anafunsa ngati ndiye kuti nyama yomwe adyayi aibweze, koma palibe anaseka.

Yilma anaimirira. Anapsompsona mtanda wa wansembe, anaweramira akuluakulu onse mwaulemu womwe unapweteka kuposa chipongwe, ndipo atafika pa bambo ake anati ku Bole, mbali ina ya mzindawu, kuli munthu amene wakhala akumuitana kuti atsegule naye shopu, kumene anthu amathokoza chinthu chikawala. Anatuluka. Amayi ake anamutsatira mpaka pachipata, ndipo atabwerera anatenga mbale za anthu omwe anali asanamalize kudya.

Lolemba Ato Shiferaw anatsegula shopu okha. Zida za Yilma zinali zitapita, makina opalira aja pamodzi ndi zitini za vanishi, ndipo zimenezo sanadandaule nazo. Patebulo lopanda kanthulo panali pepala limodzi lopanikizidwa ndi tupa: maina khumi ndi limodzi, matauni ake, ndi manambala a foni. Pa maina asanu ndi awiri panali kamtanda. Panalibe moni, panalibe dzina la wolemba.

Anakhala pansi, navala magalasi, n'kuimba nambala yoyamba ya kamtanda. Anayankha mwamuna wa mawu onenepa, mwini hotela ku Debre Berhan. Ato Shiferaw anadzitchula dzina, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wawo sanawonjezerepo maiko. Anafotokoza kuti mfuti yomwe inakonzedwa m'shopu mwawo ili ndi vuto pakhosi, isawombedwe, ndipo akupempha kuti ibwerere aikonzenso.

Mwamunayo anaseka mpaka foni inanjenjemera. Anati vuto lanji, Gashe, pomwe alendo onse a pahotela amaima kuijambula? Anati mfuti ya bambo ake sinakongolepo chonchi, ndipo mwezi wamawa pa ukwati wa mwana wake wamkazi aiwomba yekha kasanu. Anati Gashe asachite nsanje, zimachitika, mwana wawaposa basi.

Ato Shiferaw anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana ngati chinthu chomwe aponda mumsewu. Kenako anapinda pepala lija, naliika m'thumba la malaya, anatseka shopu, ndipo anatsika msewu wopita kokwerera mabasi a ku Debre Berhan. Wometa anawakuwira kuti abwere amalize nkhani ya Mjeremani wandevu uja. Iwo anangokweza dzanja osatembenuka.